Kugogoda kwa Karinya ya Che Amidu

Alipo anthu m'mudzi muno amene mpaka lero amanena kuti ine Kositantino ndinatsala pang'ono kupha mudzi wonse ndi njala chifukwa cha kachitsulo. Amanena pamaliro, amanena podikira pachigayo, chonsecho ambiri mwa iwo chaka chimenecho anali akadali kumsana kwa amayi awo. Sabata yatha ndinamva mpongozi wanga weniweni akufotokozera alendo nkhaniyi kuseri kwa nyumba, akuseka, ndipo theka la zimene ankanenazo linali bodza.

Choncho ndatsegula bokosi. Mapepala a chaka chimenecho ndili nawo onse, omangidwa ndi luzi mwezi ndi mwezi. Ndilemba monga zinachitikira, ndipo wofuna kutsutsa abwere ndi pepala lake.

Otubulu

Inali nthawi ya nkhondo. Ife a ku Ngauma kuno tinali titasiya minda yathu yakutali n'kudzaunjikana m'mbali mwa msewu, pafupi ndi msasa wa asilikali, chifukwa a m'tchire ankatentha nkhokwe ndi kutenga anthu. Mvula ya chaka cham'mbuyo inali itathawa chimanga chikungoyamba kumasula. Pofika Otubulu m'nkhokwe zambiri munatsala mbewa zokha, nazonso zowonda.

Ine ndinali sekeretariyo wa gulu la alimi. Sanandisankhe chifukwa chondikonda. Anandisankha chifukwa ndinali ndi cholembera ndipo sindinkataya kanthu.

Galimoto m'dera lonselo inatsala imodzi, karinya ya Che Amidu, ya zija zokhala anthu atatu kutsogolo, kumbuyo kuli kosatseka konyamulira katundu. Che Amidu anali Msilamu wamalonda wa ku Mandimba amene anasamukira kwathu ndi akazi awo, Abiti Saidi, sitolo yawo itapsa. Anali munthu wofatsa, wodziwa kuyendetsa, koma za kunsi kwa galimoto sankadziwa chilichonse. Zimenezo zinali za makanika wathu, Mesitiri Zuze, Mkhristu mnzanga, amene anaphunzira zamagalimoto ku mishoni ya Massangulo ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo.

Mwezi umenewu a Zuze anamasula kutsogolo konse kwa karinya kuti apake girisi mvula isanafike. Anagwirira ntchitoyo pansi pa mtengo wa mango umene uli pabwalo langa, osandipempha. Anatha masiku atatu, n'kumanganso zonse, n'kupita. M'mawa mwake, poyendera bwalo kuti ndione zimene andiwonongera, ndinapeza m'fumbi chitsulo chozungulira, chokula ngati chikhatho cha mwana, choboola pakati, chopindikira pang'ono ngati kambale.

Munthu wina akanachiponya kudzala. Ine ndinalemba pepala, ndipo ndili nalo pano: chapezeka chitsulo chozungulira choboola pakati, mwini wake abwere kwa sekeretariyo. Ndinapereka pepalalo kwa katekista, ndipo analiwerenga m'tchalitchi Lamulungu katatu motsatizana, monga mmene tinkachitira ndi chilichonse chotayika, kaya mbuzi kaya mpango. Palibe anabwera. Zenera la chipinda changa cholembera linalibe galasi, mphepo ya Otubulu inkandibalalitsira mapepala, ndiye chitsulocho ndinachiika pamwamba pa mulu kuti chizitsendereza. Chinagwira ntchitoyo bwino kwambiri.

Novembulu

Mvula inagwa mausiku awiri, tinadzala, chimanga chinamera, kenako dzuwa linabwerera n'kuwotcha zonse. Amene anasunga mbewu yachiwiri anadzalanso. Ambiri anali atakazinga kale mbewu yachiwiriyo. Tinayamba kuphika mango aawisi, ndipo mtengo wanga uja, umene anthu ankaugwiritsa ntchito osapempha, tsopano ankaukwera osapemphanso.

M'mwezi womwewu karinya inayamba kugogoda. Che Amidu akaponda buleki, kutsogolo kunkamveka kaphokoso kamodzi, gu, ngati munthu waulemu wafika pakhomo. Anafunsa a Zuze.

"Ndi girisi watsopano akukhazikika," anatero a Zuze. "Ku Massangulo galimoto ya abambo ansembe inkatero."

Kumapeto kwa mwezi kunabwera pepala la ku boma, giya, lokhala ndi zidindo zitatu. Linanena kuti mudzi wathu wapatsidwa chimanga cha chithandizo, chili m'nkhokwe ya boma ku Cuamba, koma tikatenge tokha ndi galimoto yathu Feveleru asanathe. Tikalephera, chiperekedwa kwa ena. Ndinawerenga giya pamsonkhano kawiri, ndinaikopera papepala lina, n'kuiika pamwamba penipeni pa mulu wanga, pansi pa chitsulo chija, kuti mphepo isaitenge.

Ulendo wa ku Cuamba masiku amenewo sunali woyenda wekha. Magalimoto ankasonkhana ku Mandimba n'kuyenda pamzere, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Mzerewo tinkautcha koluna, ndipo sunkanyamuka kawirikawiri.

Dezembulu

Tinapita ku Mandimba atatu, Che Amidu, a Zuze ndi ine, giya ili m'thumba la m'kati mwa jekete. Pamzere karinya yathu anaiika kumbuyo kwa lole ya asilikali. Anali anyamata otopa, atakhala pamatumba a mchenga, mfuti zili m'manja, maso ali kutchire. Munthu aliyense mu koluna ankadziwa kuti a m'tchire amakonda kudikirira pamilatho.

Tisanapite kutali tinafika pa kamlatho kena. Lole inachepetsa liwiro, Che Amidu anaponda buleki mwamphamvu, ndipo kugogoda kuja, kumene kunali kutakula mwezi wonse osatiuza, kunalira ngati mfuti.

Sindinaonepo anthu akutsika lole mofulumira chotero. Asilikali onse anali m'ngalande, akuwombera. Anthu a m'magalimoto ena analumpha n'kugona m'matope. Mayi wina wa ku Cuamba anagwera pamutu panga ndi dengu lake. Kuwomberako kunatha nthawi yaitali, ndipo kutakhala chete zinapezeka kuti afa ndi mitengo inayi ya nthochi ndi chulu chimodzi.

Sarijentu anayenda ndi mzere wonse akufunsa amene waona adani. Woyendetsa wa kumbuyo kwathu anangoloza karinya ndi mlomo.

"Pondaninso," anatero sarijentu.

Che Amidu anayendetsa pang'ono n'kuponda. Gu. Asilikali awiri amene anali atayamba kukwera lole anabwereranso m'ngalande.

"Bambo, kodi inu muli mbali yathu kapena yawo?" anafunsa sarijentu.

"Yanu, bwana," anatero Che Amidu.

"Zipolopolo zimene zathera nthochizi, mawa adani akabwera ndiwaponyera chiyani? Mango?"

A Zuze anayamba kunena za Massangulo, koma sarijentu anawayang'ana kamodzi ndipo Massangulo anathera pomwepo. Ine ndinatulutsa giya kuti aone kuti tikuyendera anthu anjala. Anailanda, naitembenuza, nalemba kumbuyo kwake ndi cholembera changa chomwe kuti galimoto iyi siidzalowanso mu koluna mpaka italeka kulira. Analemba pa pepala la zidindo zitatu, mokhotakhota, atalitsamiritsa pa boneti yamatope. Zimenezo sindinakhululuke.

Titafika kumudzi tinapeza amayi atakhala kale pamsewu ndi madengu. Anayang'ana kumbuyo kwa karinya, anayang'ana ife, n'kunyamula madengu awo n'kumapita. Akanatukwana zikanakhala bwino.

Janeru

Uwu ndiwo unali mwezi woipa. Nkhuku imodzi inkasinthidwa ndi mbale ya gaga, ndipo pofika pakati pa mwezi mbaleyo inachepa n'kukhala kapu. Bambo wina anapereka njinga yake yabwinobwino posinthana ndi thumba la makaka ofumbwa. Amayi ankakumba zitsa za nthochi n'kumazisinja. Mabanja asanu ndi awiri anawoloka kupita ku Malawi. Mayina awo ndili nawo, pamodzi ndi mayina a anthu amene analonjeza kuwasungira zitseko. Tinaika maliro a ana awiri sabata imodzi. Zimenezo sindilembapo zambiri.

Ntchito yonse ya mudzi inasanduka yofunafuna pamene karinya ikugogoda. Vuto linali lakuti mafuta otsala anali a mu dilamu imodzi, okwanira kupita ku Cuamba ndi kubwerera basi, ndipo Che Amidu sankalola dontho limodzi kuti liwonongeke poyesera. Ndiye tinkayesera pamtsetse wochokera patchalitchi kutsikira kumtsinje. Amuna ankakankha karinya kuti iyambe kutsika, Che Amidu ankaponda buleki pafupi ndi mtengo wa mkuyu, tonse tinkamvetsera, kenako amuna omwewo, atadya mango ophika okha, ankaikankha kubwerera kumtunda. Ine ndinkakhala kutsogolo ndi kabuku, kulemba ulendo uliwonse. Anthu ankadandaula kuti ndikuwonjezera kulemera. Ndinawayankha kuti wina ayenera kulemba.

Panalinso mwambo wakuti mesitiri akalowa pansi pa galimoto ya mudzi, mudzi umamudyetsa. A Zuze anatikumbutsa mwambowu tsiku loyamba.

Sabata yoyamba anati ndi mabuleki enieniwo, tizitsulo togwira gudumu tikugwedera m'malo mwake. Anamasula, natsuka, nasinthanitsa akumanja ndi akumanzere. Tinakankha. Gu. Anadya nkhuku ya katekista.

Sabata yachiwiri anati ndi mabering'i a gudumu. Anakweza karinya ndi jeke, nagwira gudumu pamwamba ndi pansi, naligwedeza, naikapo khutu ngati namwino. Silinagwedere, komabe anamangitsa. Tinakankha. Gu. Anadya nkhunda zanga ziwiri.

Sabata yachitatu anati ndi chitsulo chija choletsa galimoto kudumphadumpha, ndipo anachichotsa n'kuchimiza m'mafuta akale usiku ndi usana. Chitabwerera m'malo mwake karinya inayamba kulira mawu awiri, akale aja ndi ena atsopano, ndipo a Zuze anatha masiku anayi akuchotsa atsopanowo. Atawachotsa ananena kuti ntchito ikupita patsogolo.

M'mudzi monse munthu mmodzi yekha ndiye amene lamba wake sanaboole bowo latsopano mwezi umenewo.

Mphekesera nazo zinali zambiri. Ena ankati karinya inanyamulapo mtembo wa munthu wa ku Amaramba amene sanafune kukaikidwa kwawo, ndipo ndiye akugogoda kuti amutsitse. Ena ankati Che Amidu akuchitira dala kuti asapite kunjira yoopsa. Che Amidu anaitana shehe wa kwawo, amene analemba mawu papepala, nalipinda, nalimangirira kuseri kwa chiwongolero. Ndinapempha kope la pepalalo koma anandikaniza. Akhristu ataona zimenezo anati nafenso tisatsale, katekista anawaza madzi odalitsidwa pa boneti. Tinakankha. Inagogoda pamaso pa zipembedzo zonse ziwiri mofanana.

Feveleru

Chimanga cha amene anadzala kachiwiri chinali chitafika m'chiuno, chobiriwira bwino, koma munthu sadya masamba a chimanga. Tinamva kuti koluna yomaliza ya mweziwo inyamuka ku Mandimba pakatha masiku asanu ndi limodzi. Amuna okankha anali atachepa. Ena anali atagona, ena ankati bola kusunga mphamvu zoyendera wapansi kupita ku Malawi.

Ndinakhala pansi ndi kabuku kanga n'kuwerenga maulendo onse kuyambira poyamba, ndipo ndinaona zinthu zimene makutu okha sanatiuze. Ndinaitanitsa msonkhano pansi pa mkuyu.

"Choyamba," ndinatero, "sigogoda m'maenje. Tadutsa pa dzenje la pafupi ndi nyumba ya katekista ulendo uliwonse, sinalirepo. Chachiwiri, imagogoda kamodzi kokha. Che Amidu akaponda, n'kusiya, n'kupondanso, kachiwiriko ili chete. Chachitatu, masiku amene okankha anatopa karinya n'kubwerera chambuyo, Che Amidu ataponda kuti isawagunde, inagogodanso. Ndiye kuti chilipo chinthu chimene chimapita uku n'kukagunda, ndipo sichigundanso mpaka chitabwerera uko."

"Zimenezo ndimadziwa kale," anatero a Zuze.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munthu sanena zonse nthawi imodzi."

Pamenepo Abiti Saidi analankhula. Iwo masiku onsewo ankakhala m'mbali mwa mtsetse akusenda zitsa za nthochi, pafupi ndi pamene amuna awo ankapondera buleki.

"Ndi gudumu lakumanjali," anatero. "Akaponda limabwerera m'mbuyo ngati mbuzi yokana chingwe. Linzakelo silitero."

"Mayi, mwaziona liti zimenezo?" anafunsa a Zuze.

"Chiyambireni."

"Osanena?"

"Inu nonse mumatsinzina kuti mumve bwino. Ndimati mwina zamagalimoto saziona ndi maso."

Ndinatenga khala n'kulemba mzere pa bodi ya karinya, molunjika ndi pakati pa gudumu, mbali zonse ziwiri. Tinapempha amuna kuti akankhe kamodzi kokha. Nthawi ino tonse tinaima m'mbali, maso ali otsegula. Che Amidu ataponda, gudumu lakumanja linabwerera m'mbuyo kusiya mzere wanga pafupifupi zala ziwiri, ndipo pomwepo panamveka gu.

A Zuze analowa pansi osafunsa za chakudya. Anakhalako nthawi yochepa kwambiri kuposa masiku ena onse. Potuluka nkhope yawo inali yosiyana.

Anatifotokozera kuti gudumu lililonse lakutsogolo lili ndi ndodo yachitsulo imene imaligwira kuti lisapite kutsogolo kapena m'mbuyo. Kumapeto kwa ndodoyo, pamene imalowa m'chimango cha galimoto, kumakhala mphira ziwiri, ndipo mphirazo zimapanidwa ndi zitsulo zozungulira zotchedwa anilya, kenako nati. Kumanzere zonse zinalipo. Kumanja anilya imodzi panalibe, ndiye nati inadya mphira pang'onopang'ono mpaka kuitha, ndipo tsopano ndodo inkangoyenda m'bowo n'kumagunda chitsulo.

"Inapita kuti?" anafunsa Che Amidu.

"Zinthu zimagwa m'njira," anatero a Zuze. "Misewu yake yomweyi."

Anafufuza m'bokosi lawo lonse, sanapeze yofanana nayo. Anayesa kudula chitsulo cha khasu lakale, koma analibe choboolera bowo lalikulu chotero. Masiku awiri anapita. Pomaliza anagwirizana kuti munthu apite pa njinga kukafunafuna kwa amakanika a kutsidya la malire, ndipo kuti ine ndilembe kalata yake n'kujambulamo chitsulocho kuti asakagule china. A Zuze anamasula anilya yakumanzere kuti ikhale chitsanzo, n'kubwera nayo kwathu pamodzi ndi Che Amidu. Unali m'mawa wa Lachitatu.

Ndiyenera kunena kuti a Zuze anali asanalowepo m'chipinda changa cholembera. Sindinkalola manja a girisi pafupi ndi mapepala. Tsiku limenelo ndinawalola, atasamba kawiri.

Anaika anilya patebulo. Ine ndinkafuna pepala loyera, ndipo mapepala oyera anali pansi pa mulu, ndiye ndinanyamula chitsulo changa chotsenderezera n'kuchiika pambali. Chinakhala moyandikana ndi cha a Zuze.

Tinaziyang'ana tonse atatu. Akazi anga, a Felisita, anali ataima pakhomo, nawonso anaziyang'ana, kenako anatuluka mwakachetechete kupita kuseri kwa nyumba. Ndinawamva akuseka kumeneko, koyamba chiyambire Khirisimasi.

"Bambo Sekeretariyo," anatero Che Amidu pang'onopang'ono, "ichi mwakhala nacho nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira Otubulu. Ndipo ndinalengeza katatu."

Ndinatulutsa pepala lija, lokhala ndi siginecha ya katekista pansi pake. Che Amidu analiwerenga mpaka kumapeto.

"Munalengeza kuti?"

"M'tchalitchi, kumene timalengezera zonse."

"Ine m'tchalitchi ndimalowa tsiku liti, bambo?"

Funso limenelo, ndivomere, ndinali ndisanaliganizepo. Kuyambira nthawi ya makolo athu mudzi uno unali wa Akhristu okhaokha, ndipo chinthu chikanenedwa m'tchalitchi ndiye kuti mudzi wonse wamva. Nkhondo inatibweretsera anansi atsopano koma palibe amene anasintha dongosolo. Komabe sindinafune kuti mlandu utsalire ine ndekha, ndipo sunayenere kutero.

"Nanga a Mesitiri?" ndinatero. "Iwo ndi obatizidwa. Lamulungu lililonse amakhala benchi yachitatu."

"Zilengezo zimabwera kumapeto," anatero a Zuze.

"Ndiye?"

"Kumapeto amuna timakhala tatuluka kukasuta. Mukudziwa inu. M'kati mumatsala amayi ndi inuyo."

"Ndipo inu Che Amidu," ndinapitiriza, "mwakhala pampando umenewo kangati? Mwezi wathawu munkachizunguza chitsulochi ndi chala uku tikukambirana za kugogoda."

"Ndinkayesa n'cha ofesi," anatero Che Amidu.

"Amene anamanga galimoto n'kutsala ndi chitsulo ndani? Ndi ine?"

"Chikanatsala ndikanachiona," anatero a Zuze. "Nkhuku zanu zinachifotsera."

Nkhukuzo panthawiyo zinali zitadyedwa kale, zina ndi a Zuze omwe, choncho sizikanatha kudziyankhira.

Tikanakangana mpaka madzulo, koma a Felisita anabwerera pakhomo akupukuta misozi n'kufunsa ngati koluna idikira kuti tione wolakwa. Tinanyamuka. Ndisanapereke chitsulocho ndinauza Che Amidu kuti asaine kuti alandira katundu wawo wotayika. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anasaina.

Panatsala nkhani ya mphira, poti yakale inali itadyeka. A Zuze anati ya tayala ingagwire ngati ili yokhuthala ndi yosang'ambika. Matayala akale onse m'mudzi anali atasanduka nsapato kalekale, ndipo nsapato za anthu zinali zitaperepeseka ndi maulendo ofuna chakudya. A Zuze anayang'ana mapazi a munthu aliyense pabwalopo, mmodzimmodzi, mpaka anafika pa anga. Ine nsapato zanga ndinkazisamala. Pamatope ndinkazivula n'kuzinyamula m'manja.

"Izi ndiye zenizeni," anatero, ndipo ndinaona kuti akusangalala.

Anazidula pamaso panga, zonse ziwiri, nazisanjikiza, naziboola ndi chitsulo chamoto. Madzulo ake amuna anabwera kudzakankha, ngakhale ena amene anali atagona. Karinya inatsika mtsetse, Che Amidu anaponda pa mkuyu, ndipo inaima chete ngati yamva mawu a bishopu. Palibe anaombera m'manja. Bambo wina wachikulire anati tiyesenso, mwina yangoiwala. Tinayesanso katatu.

Ku Mandimba sarijentu yemwe uja anakwera yekha kutsogolo n'kulamula Che Amidu kuti aponde buleki kasanu pabwalo la msika. Kenako anayang'ana mapazi anga.

"Sekeretariyo wopanda nsapato?"

"Zili pansi pa galimoto, bwana, zikugwira ntchito ya boma."

Anatiika kumapeto kwenikweni kwa mzere, kutali ndi asilikali ake.

Ulendowo unatenga masiku awiri. Tinadutsa magalimoto opsa m'mbali mwa msewu, ndipo pa mlatho uliwonse tonse atatu tinkasiya kupuma Che Amidu akamaponda. Tinafika ku Cuamba kutatsala tsiku limodzi kuti mwezi uthe. Kalaliki wa kunkhokwe anatembenuza giya, naona zolemba za sarijentu ndi matope, nati pepala lawonongeka ndipo sangalilandire. Ndinatulutsa kope limene ndinalemba mu Novembulu, mndandanda wa mabanja onse, kalata yondisankha usekeretariyo, ndi kabuku ka maulendo onse a pamtsetse, ndipo ndinayamba kumuwerengera kuyambira tsamba loyamba. Ndisanafike pa nkhunda zanga anadinda. Mbali imeneyi anthu oseka aja saitchula.

Malisu

Tinagawa chimangacho pabwalo la tchalitchi, poyezera ndi chitini chimodzi kwa onse, ine ndikuitana mayina. Sichinali chambiri. Chinali chachikasu, cholimba, ndipo amayi ankadandaula kuti chikuthyola misi. Koma chinatifikitsa pa maungu oyamba, ndipo maungu anatifikitsa pa chimanga chachiwisi. Kuchokera tsiku limene karinya inabwerera sitinaikenso mwana chaka chimenecho.

Mabanja atatu mwa amene anapita ku Malawi anabwerera. Zitseko zawo anazipeza, kupatula chimodzi.

Abulili

Tinakolola pang'ono, zokwanira kuti anthu ayambenso kukhala ndi mphamvu zonena anzawo. Pamenepo ndi pamene nkhani inayamba kupotozedwa. Poyamba ankati chitsulo chinapezeka kwa sekeretariyo. Kenako anati sekeretariyo anachisunga. Pofika nthawi yothira chimanga m'nkhokwe ankati ndinachibisa, ndipo a Zuze, amene anadya nkhuku za mudzi wonse chifukwa cha chitsulo chimene anaiwala okha, ankatchedwa munthu amene anapulumutsa mudzi. Za Abiti Saidi palibe ankatchula, choncho ndazilemba pano.

Pamsonkhano wotseka chaka ndinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kuti chinthu chotayika chizilengezedwa kutchalitchi ndi kumzikiti komwe, ndipo kutchalitchiko chizinenedwa amuna asanatuluke. Anavomera, ndipo mpaka lero timachita choncho, ngakhale achinyamata sadziwa kumene zinachokera. Chachiwiri, kuti zilembedwe m'buku la gulu kuti sekeretariyo analibe mlandu. Pamenepo anthu anayamba kutsokomola ndi kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Che Amidu ndiwo anaimirira.

"Bambo Sekeretariyo, buku mumasunga ndinu," anatero. "Lembani."

Ndinawauza kuti munthu sadzilembera yekha zotere popanda msonkhano kuvomereza. Msonkhanowo unabalalika usanavomereze, ndipo tsambalo lili losalemba mpaka lero.

Ndinayenda wopanda nsapato mpaka nyengo yozizira. Karinya inayendabe zaka zingapo, nkhondo itatha Che Amidu anaigulitsa kwa munthu wa ku Lúrio, nsapato zanga zili pansi pake. Anabwerera kwawo ku Mandimba, ndipo chaka chilichonse mpaka imfa yawo ankanditumizira tiyi pa Idi, m'kapepala kolembedwa kuti izi si zotayika, musalengeze.

Chitsulo chitapita, mphepo inayambanso kundibalalitsira mapepala. Ndinatola mwala wosalala kumtsinje, pafupi ndi mkuyu uja. Ndisanauike pa mulu ndinaulengeza katatu kutchalitchi, amuna ali m'kati, ndiponso katatu kumzikiti. Mapepala onse awiri ali m'bokosi. Mwalawo uli pano patebulo, ukutsendereza masamba ano, ndipo ngati alipo amene galimoto yake ikugogoda, abwere adzauone msanga.